Kodi Mumadziwa? Chiwindi Amayamba Achiwotcha Asanachidule

Kodi mumadziwa kuti mphindi iliyonse m'chiwindi cha munthu wamkulu mumadutsa magazi pafupifupi lita imodzi ndi theka? N'chofewanso, moti ulusi wosokera umatha kuching'amba. N'chifukwa chake madokotala akale ankaopa kuchikhudza ndi mpeni.

Kodi mumadziwa kuti mu 1908 dokotala wa ku Glasgow, James Hogarth Pringle, anafotokoza njira yopana mitsempha yolowetsa magazi m'chiwindi pochita opaleshoni? Njirayi ikugwirabe ntchito lero, koma madokotala sangapane nthawi yayitali chifukwa chiwindi chikasowa magazi chimavulala.

Nanga mumadziwa kuti pali njira yophika kaye mzere woti udulidwe? Amene munakazingapo chiwindi cha mbuzi pachiwaya mukudziwa kuti chachiwisi chimachucha magazi, koma chikapsa chimalimba n'kuuma. Pulofesa Nagy Habib ndi anzake pa Hammersmith Hospital ku London anatsata nzeru yomweyo. Amabaya singano m'chiwindi mozungulira chotupa chimene akufuna kuchotsa, n'kudutsitsamo magetsi a radiofrequency, osinthasintha kambirimbiri pa sekondi imodzi. Magetsiwo amatenthetsa mnofu kupitirira madigiri 60, timitsempha n'kutsekeka. Kenako dokotala amadula ndi mpeni wamba potsata mzere wopsawo, magazi osatuluka kwenikweni.

Mu 2002 gululi linalengeza zotsatira za odwala 15. Aliyense anataya magazi pafupifupi mamililita 30, omwe ndi masupuni akuluakulu awiri basi, ndipo palibe anafunika kuwonjezeredwa magazi. Kwa ine mfundo yaikulu ndi imeneyi, pakuti aliyense amene anadikirirapo m'bale wake kuchipatala magazi atasowa akudziwa kufunika kwa botolo limodzi.

Pambuyo pake panabwera chida chotchedwa Habib 4X. Chili ndi singano zinayi, ndipo magetsi amangoyenda pakati pa singanozo.

Koma dziwaninso kuti njirayi ili ndi zovuta zake. M'mphepete mwa chiwindi chotsalacho mumakhala mnofu wakufa, womwe nthawi zina umachita mafinya kapena kudontha ndulu. Pafupi ndi mitsempha ikuluikulu, magazi othamanga amachotsa kutenthako, choncho mitsempha yotereyi amaimangabe ndi ulusi.

Kodi mumadziwa kuti chiwindi chimaphukanso? Ngati chili chabwinobwino, madokotala akhoza kuchotsa magawo awiri mwa atatu, chotsalacho n'kukula mpaka kutsala pang'ono kufika msinkhu wake wakale m'miyezi yochepa.