SHUGA WA M'MAGAZI NDI KUSOWA KWA MPHATSO M'MABANJA A KU MBENJI

Chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira m'boma la Salima, chidziwika ndi malamulo ake a usodzi amene anayamba m'zaka za m'ma 1950. Chitsekedwa mu Disembala ndi kutsegulidwa mu Epulo, ndipo akazi saloledwa kupondapo phazi. Chotero amuna akapita ku utaka, akazi awo atsala kumtunda, ku Chikombe ndi midzi yoyandikana nayo. Tsono banja likakhala zaka lopanda mphatso, mlandu kawirikawiri ugwera mkazi, natchedwa chumba, ndipo maukwati ena atha kumene.

M'chaka cha 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti munthu mmodzi mwa akulu 6 alionse akumana ndi vuto la kusabala. Zifukwa nzambiri, monga matenda otseka njira za mazira ndi kufooka kwa mbewu ya mwamuna. Koma chilipo china chimene ambiri sachidziwa.

M'thupi muli insulini, amene ntchito yake ndiyo kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Thupi likaleka kumvera insuliniyo lipanga wochuluka, ndipo iyeyu asokoneza zisa za mazira a mkazi kotero kuti dzira silikhwima mwezi ndi mwezi. Izi zipezeka mwa ambiri odwala nthenda imene madokotala Stein ndi Leventhal anailongosola ku Chicago m'chaka cha 1935, yodziwika ndi dzina lakuti PCOS. Zizindikiro zake ndizo kusamba modumphadumpha, ndevu, kunenepa pamimba ndi kuda kwa khungu la m'khosi.

Mwa mayi wotere mankhwala akale okhwimitsa mazira, a clomiphene, nthawi zambiri alephera. Kafukufuku wa ku America wa 2014, pa akazi 750, anaonetsa kuti letrozole aposa: oposa 27 mwa 100 anabala, pamene a clomiphene anali 19. Madokotala awonjezanso metformin, mankhwala omwewo a odwala shuga. Kwa wonenepa, kutaya makilogalamu 5 pa 100 alionse, pochepetsa nsima yoyera ndi zotsekemera ndi kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nsomba, kubwezera msambo m'malo mwake mwa ambiri.

Pali mfundo imene ikhudza Mbenji makamaka. Mapiritsi okhwimitsa dzira amwedwa masiku 5 kuchiyambi kwa msambo, ndipo mwamuna ayenera kukhala pakhomo m'sabata zotsatira. Akakhala pachilumba, mwezi umenewo wapita pachabe. Miyezi imene Mbenji atsekedwa ndiyo yoyenera chithandizo chotere.

Aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene anthu afunsako nzeru, achita bwino kulangiza mabanja kuti mwamuna ndi mkazi apite pamodzi ku chipatala cha Salima, mkazi akayezetse shuga, mwamuna akapimidwenso, ankhoswe asanaitanidwe kudzaweruza mlandu umene uli wa nthenda.