Liwu limodzi likasintha m'masewera a Wesnoth

Battle for Wesnoth ndi masewera a pakompyuta a nkhondo zongopeka, momwe osewera amasinthanasinthana kusuntha asilikali awo pamapu ogawidwa m'tizigawo ta ngodya zisanu ndi imodzi. Anawayambitsa ndi David White wa ku Australia m'chaka cha 2003, ndipo mtundu wa 1.0 unatuluka mu 2005. Masewerawa ndi aulere. Amene amawakonza, kujambula zithunzi zake ndi kuwamasulira m'Chijeremani, Chifalansa, Chipolishi, Chijapani ndi zinenero zina zambiri ndi anthu ongodzipereka, ogwira ntchitoyi madzulo akaweruka kapena kumathero a sabata. Mawu onse amayamba kulembedwa m'Chingerezi, choncho olemba akasintha dzina la chinthu, omasulira a m'mayiko onsewo ntchito imawapeza.

Zomasulirazi zimasungidwa m'njira yotchedwa gettext, yomwe mapulogalamu ambiri aulere amagwiritsa ntchito. Chinenero chilichonse chili ndi mafayilo ake othera ndi zilembo za .po, ndipo m'kati mwake mawu amakhala awiriawiri: mzere wa msgid uli ndi chiganizo cha Chingerezi, pansi pake mzere wa msgstr uli ndi tanthauzo lake m'chinenerocho. Mu Wesnoth mafayilowa anagawidwa malinga ndi ntchito yake; mayina a asilikali ali kwaokha, mawu a chithandizo kwaokha, ndipo nthano iliyonse ya nkhondo, monga Heir to the Throne, ili ndi fayilo yake. Masewera akafuna kuonetsa chiganizo amachifunafuna potengera mawu a Chingerezi enieniwo. Chilembo chimodzi chikasiyana, sachipeza.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chingerezi chikasinthidwa, pulogalamu ya msgmerge imafananiza mafayilo akale ndi mawu atsopano. Ikapeza chiganizo chakale chofanako ndi chatsopano, imasiya tanthauzo lakale pamalo pake koma imaikapo chizindikiro choti fuzzy, kusonyeza kuti tanthauzolo ndi lokayikitsa. Chiganizo chotere masewera sachionetsa mpaka munthu atachiwerenga ndi kuchotsa chizindikirocho. Wosewera wa ku Poland amangoona Chingerezi chatulukira pakati pa nkhani ya Chipolishi, ngati chigamba cha mtundu wina pa malaya.

Chitsanzo chachikulu chinaoneka pokonzekera mtundu wa 1.14, womwe unatuluka mu 2018. Gulu la ankhondo a m'chipululu lomwe linkatchedwa Khalifate linapatsidwa dzina loti Dunefolk, popeza dzina loyambalo linkakhudza chipembedzo ndi mbiri ya anthu enieni m'masewera ongopeka. Asilikali akenso anasiya mayina ochokera ku Chiarabu: Jundi anakhala Dune Rover, Hakim anakhala Dune Herbalist, Naffat anakhala Dune Burner. Kwa omasulira kusinthaku kunali kolemera kuposa m'mene kumaonekera. Dzina ngati Hakim womasulira akhoza kungolisiya momwe liliri, monga dzina la munthu. Koma Dune Herbalist ndi mawu ofotokoza, sing'anga wa zitsamba wa kumilu ya mchenga, ndipo amayenera kumasuliridwa. Kenaka pamabwera funso loti liwu la mchengalo libwerezedwe pa msilikali aliyense, kapena lingotalikitsa mayina mpaka kusefukira m'kabokosi kowalembamo.

Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu mtundu wa 1.4, mphamvu ina ya zida yomwe inkatchedwa holy, kutanthauza yoyera kapena yopatulika, inasinthidwa kukhala arcane, liwu lonena za matsenga obisika. Apa tanthauzo lenilenilo linasuntha. Mphamvu yoyera inali ya ansembe ndi ankhondo olungama polimbana ndi akufa oyendayenda, pomwe ya arcane ngakhale mizukwa ina ili nayo. Womasulira amene akanachotsa chizindikiro cha fuzzy mothamanga n'kusiya liwu lakale, bwenzi mzukwa ukumenya nkhondo ndi lupanga lopatulika. Ulesi woterewu ndi umene umaononga kwambiri, chifukwa fayilo imaoneka yomalizidwa chonsecho ikunama.

Wina angaganize kuti kompyuta ingouzidwa kuchotsa liwu lakale paliponse n'kuikapo latsopano. M'Chingerezi zimathekako, koma m'zinenero zambiri dzina limakoka mawu oyandikana nalo. Mu Chirasha ndi Chipolishi dzina limasintha mathero ake malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, ndipo m'Chifalansa pali mayina aamuna ndi aakazi. Wolankhula Chichewa savutika kumvetsa zimenezi: mu "msilikali wamkulu wafika", kungochotsa msilikali n'kuikapo chilombo kumabala "chilombo wamkulu wafika", zomwe ngakhale mwana angaseke. Wesnoth ili ndi kachizindikiro kothandizako pa vuto limeneli. Olemba amatha kuika mawu olongosola kutsogolo kwa ka ^, monga female^Elvish Archer, kuti womasulira adziwe kuti woponya miviyo ndi wamkazi. Wosewera saona zomwe zili kutsogolo kwa kachizindikiroko. Komabe chiganizo chilichonse chimafuna maso a munthu.

Pali kusintha kwina kumene makina sakuona n'komwe. Gulu la omasulira likhoza kugwirizana kuti liwu lomwe lakhala likugwiritsa ntchito kwa zaka silinali loyenera, Chingerezi chisanasinthe ngakhale pang'ono. Pamenepo palibe fuzzy amene amatuluka. Munthu amayenera kusaka yekha m'mafayilo onse, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Poedit kapena Lokalize, ndipo akaiwala fayilo imodzi msilikali yemweyo amakhala ndi dzina lina pabwalo la nkhondo, lina m'mawu a chithandizo. N'chifukwa chake magulu okhazikika amasunga mndandanda wa mawu ogwirizanapo. Umathandizanso chifukwa odzipereka amabwera n'kupita. Woyamba ntchito lero sangafunse munthu amene anasankha liwulo zaka khumi zapitazo. Nthano zoonjezera zomwe osewera amalemba okha ndiye zimatsalira kutali, chifukwa aliyense amasamala yake pa nthawi yake.

Okonza masewerawa ali ndi njira zochepetsera mtolowu. Mitundu yoyeserera imadziwika ndi nambala yosagawika pawiri, monga 1.13 kapena 1.15, ndipo kusintha kwakukulu kwa mawu kumachitikira m'menemo. Mtundu wokhazikika ukayandikira kutuluka, amalengeza nyengo yotchedwa string freeze, pamene mawu a Chingerezi saloledwanso kusinthidwa mwachisawawa, kuti omasulira amalize ntchito yawo popanda wina kuwafumulira mizere yomwe alima kale. Pa zolakwika zazing'ono za kalembedwe pali kapulogalamu ka pofix, komwe kamakonza Chingerezicho m'mafayilo a zinenero zonse nthawi imodzi, kuti zomasulira zabwinobwino zisagwe m'gulu la zokayikitsa chifukwa cha mpumiro umodzi.

Ziganizo zomwe zachotsedweratu m'masewera sizifufutidwa pomwepo. Msgmerge imazikankhira kumunsi kwa fayilo, mzere uliwonse utayamba ndi zizindikiro za #~, ndipo chiganizo chofanana nazo chikadzabweranso, tanthauzo lakalelo limatengedwa kumeneko kuti womasulira ayambirepo.