Kuphunzitsa za Madzi Oipa a m'Mizinda ndi Umoyo wa Mitsinje

Ana ambiri a Sitandade 6 amadziŵa kunena kumene madzi akumwa amachokera: kuchitsime, kumjigo kapena kumpopi. Koma mukaŵafunsa kumene madziwo amapita akachoka m'bafa, m'chimbudzi chamadzi kapena m'fakitale, kalasi lonse limangoti zii. Funso limeneli nlofunika kuti mphunzitsi alimvetse iye mwini asanaime pamaso pa ana, pakuti yankho lake ndi mtsinje, ndipo kumunsi kwa mtsinje uliwonse kuli anthu otunga.

Ku Lilongwe, zonyansa zoyenda m'mapaipi zimakafika ku maiŵe a ku Kauma zisanatsikire mu mtsinje wa Lilongwe. Poyamba madziwo amadutsa pa zitsulo zokhala ngati sefa, zimene zimakola nsanza ndi mapulasitiki. Kenaka amaloŵa m'dziŵe lakuya, mmene zolemera zimadikha pansi nkumaola. Ntchito yaikulu imachitika m'maiŵe otsatira, amene ndi otambalala koma osaya. Mmenemo mabakiteriya amadya zonyansa zotsala, ndipo pakudyapo amafuna mpweya wa okosijeni. Mpweyawo amaupeza kwa ndere, zimene zimaupanga dzuŵa likamaŵala. Ndere nazo zimakula ndi zimene mabakiteriya atulutsa. Nchifukwa chake dziŵe logwira bwino ntchito limaoneka lobiriŵira, ndipo mlendo wosadziŵa angaliyese loonongeka. M'maiŵe omalizira, dzuŵa ndi kutalika kwa masiku zimapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Njira imeneyi imayenerana ndi dziko lathu, popeza imalira malo ndi dzuŵa koposa makina ndi magetsi.

Tsono zonyansa zikaloŵa mu mtsinje zisanakonzedwe, kudya kuja kumachitikira mu mtsinje momwemo. Madzi ofunda madigiri 25 amasunga okosijeni wochepa kwambiri, pafupifupi mamiligiramu 8 pa lita imodzi. Mabakiteriya akaumaliza, nsomba zimafa ngakhale palibe amene wathiramo mankhwala, ndipo madzi amada nayamba kununkha. Amene adaimapo m'mbali mwa Mudi ku Blantyre m'chilimwe, madzi atachepa, akulidziŵa fungolo. Mfundo iyi ndi imene ana amavutika nayo, chifukwa saganiza kuti nsomba imapuma. Muyambire pamenepo.

Musaphunzitse ngati kuti nyumba iliyonse ili pa mapaipi. Mabanja ochuluka, ngakhale m'mizinda, ali ndi zimbudzi zokumba, ndipo m'dzinja zina zimasefukira nkuthira m'timitsinje ndi m'zitsime. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, nachititsa kuti sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023.

Nanga m'kalasi tichite chiyani? Tengani mabotolo aŵiri oonekera mkati. Muthiremo madzi amene mwaŵavundula ndi dothi ndi zinyalala za masamba. Madzi a m'ngalande kapena a kuchimbudzi musaŵabweretse pafupi ndi ana mpang'ono pomwe. Botolo lina lisiyeni pa windo kufikira maŵa, ana aone okha zolemera zitadikha. Madzi a botolo linalo adutse m'chitini choboola pansi, mmene mwayala timiyala, makala ndi mchenga. Ana ajambule zimene aona musanafotokoze kanthu. Aphunzitsi atsopano amafulumira kunena yankho, poopa kuti nthaŵi iŵathera, ndipo potero amalanda ana phunziro lenileni.

Pali ngozi imodzi pa ntchitoyi. Madzi akatuluka m'chitini ali mbee, mwana wina adzafuna kulaŵa, ndipo ena adzapita kwao akukhulupirira kuti madzi oyera m'maso ndi abwino kumwa. Mletseni msanga, ndipo mufunse kalasi kuti: kodi mchenga ungakole chinthu chimene diso silingachione? Asiyeni atsutsane pang'ono. Pambuyo pake muŵauze momveka kuti kusefa kumachotsa litsiro looneka, koma tizilombo ta kolera timafa madzi akaŵiritsidwa kapena akathiridwa klorini pa muyeso wake. Mau ameneŵa alembedwe pa bolodi, ndipo mwana aliyense aŵakopere m'kope mwake belu lisanalire.