TIYAMBE NDI CHITI?

Anzathu, vuto ili tonse timalidziwa. Denga likudontha. Khola lagwa. Nkhokwe yadyedwa ndi chiswe. Zonsezi zikufuna manja athu, koma manja ndi awiri okha. Ndalama nazo ndi zochepa. Sitingagwire zonse tsiku limodzi. Tiyenera kusankha. Tiyambe ndi chiti? Nanga chiti chidikire?

Funso limeneli si la pakhomo pokha. Anthu amene amapanga zinthu zatsopano, monga mapulogalamu a m'foni, amakumana nalo tsiku ndi tsiku. Iwo amalemba pulani ya nchito. Pulaniyo imanena kuti: ichi tipanga choyamba, ichi chibwera pambuyo, ichi sitipanga konse. Akasankha molakwa, ndalama zimatha ndipo chinthucho chimafa.

M'phunziro lino tiona m'mene funsoli linayankhidwira ku Kenya, pamene ankapanga M-Pesa. Ambiri a ife timaidziwa M-Pesa, chifukwa kampani ya Vodacom inaibweretsa kuno ku Mozambique mu 2013. Mau oti "pesa" ndi a Chiswahili, ndipo amatanthauza ndalama.

PULANI YOYAMBA

Mu 2003, bambo Nick Hughes, amene ankagwira nchito ku kampani ya Vodafone ku Britain, anali ndi ganizo. Ku Kenya kunali mabungwe obwereketsa ndalama zochepa kwa anthu a malonda ang'onoang'ono. Obwereka ankayenda mtunda kukabweza ngongole sabata iliyonse. Bambo Hughes anaganiza kuti anthuwa angathe kubweza ngongolezo kudzera pa foni ya m'manja.

Boma la Britain linapereka mapaundi pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Vodafone inaonjezapo zake. Anagwirizana ndi kampani ya mafoni ya ku Kenya yotchedwa Safaricom, ndi bungwe lobwereketsa ndalama lotchedwa Faulu Kenya. Mayi Susie Lonie anapita ku Nairobi kukatsogolera nchitoyo.

Tione bwino apa. Pa pulani yoyamba, M-Pesa inali chida chobwezera ngongole. Ndicho chimene chinali pamwamba pa mndandanda.

KUYESA NDI ANTHU OCHEPA

Iwo sanathamangire kupereka chidachi ku dziko lonse. Anayamba ayesa kaye. Mu Okutobala 2005 anasankha anthu okwana 500 ndi masitolo 8, ku Nairobi ndi ku tauni ya Thika. Munthu ankapereka ndalama zake kwa mwini sitolo. Mwini sitolo ankaziika m'foni ya munthuyo. Tsono munthuyo ankatumiza ndalamazo ku bungwe la ngongole ndi uthenga wa pa foni.

Kuyesa kunatenga miyezi ingapo. Nthawi yonseyo opanga M-Pesa ankayang'ana m'mene ndalama zikuyendera. Ndipo anaona zinthu zimene sanaziyembekezere.

ZIMENE ANTHU ANACHITA

Ngongole zinkabwezedwa ndithu. Koma anthu sanalekere pomwepo.

Ena ankabwezera anzawo ngongole.

Amalonda ena ankalipirana katundu ndi foni.

Ena ankaika ndalama m'foni madzulo, mabanki atatseka, kuti zigone pabwino. M'mawa ankazitenganso.

Ena pokhala pa ulendo ankaika ndalama m'foni asanakwere basi, n'kukazitenga atafika. Motero panjira mbala sikadapeza kanthu m'thumba.

Ena ankagula kiredito ya foni, imene ena amati mayunitsi, n'kutumizira abale awo kumudzi.

Palibe amene anawauza kuchita zimenezi. Anthu okha anapeza nchito ya chidacho.

Ku mbali ya ngongole kunali zobvuta. Bungwe la ngongole linali ndi malamulo ake ndi mabuku ake a mapepala, ndipo kugwirizanitsa mabukuwo ndi kompyuta kunali nchito yaikulu. Ndiponso obwereka ena analeka kubwera ku misonkhano ya gulu ya sabata ndi sabata, popeza ankatha kulipira ali kunyumba. Koma misonkhano imeneyo ndiyo inali mphamvu ya bungwelo.

NTHAWI YOSANKHA

Kuyesa kutatha, mu 2006, panali njira zambiri patsogolo. Akanatha kulimbikira pa ngongole, monga pulani inanenera. Akanatha kuyesa kupanga zonse nthawi imodzi: ngongole, kusunga, kulipira katundu, kutumiza. Koma akulu anati: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Iwo anayang'ana moyo wa anthu a ku Kenya. Anthu ambiri ankagwira nchito m'tauni, mabanja awo ali kumudzi. Mwezi ukatha ankafuna kutumiza ndalama kwa makolo, kwa mkazi ndi kwa ana. Koma pa anthu akuluakulu asanu, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankagwiritsa nchito banki. Enawo ankapatsira mnzawo wopita kumudzi, kapena woyendetsa basi. Nthawi zina ndalama zinkachedwa. Nthawi zina sizinkafika konse.

Obwereka ngongole ku bungwe anali ochepa. Ofuna kutumiza ndalama kumudzi anali mamiliyoni. Ndiponso kutumiza ndalama kunali kosabvuta kupanga ndi kosabvuta kufotokoza.

Tsono anasankha. Anachotsa ngongole pamwamba pa mndandanda. Chinthu chimene anayambira nchito yonse, anachiika pambali. Anasunga zochepa zokha: kuika ndalama m'foni, kutumiza, kutenga ndalama, ndi kugula kiredito.

M-Pesa inatsegulidwa kwa anthu onse mu Malichi 2007. Uthenga wake unali wa mau atatu a Chingerezi, otanthauza kuti: tumiza ndalama kumudzi. Aliyense anamva. Chaka chimenecho chisanathe, olembetsa anapitirira 1 miliyoni.

NCHITO YOSAONEKA

Pali nchito ina imene inayenera kuyamba zonse zisanachitike. Ili ngati maziko a nyumba. Saoneka, koma khoma limaima pa iwo.

Choyamba, maajenti. Mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Nairobi, mayi wake kumudzi ayenera kupeza malo pafupi ozitengera. Akapita kwa ajenti n'kuuzidwa kuti ndalama palibe, sadzabweranso. Choncho Safaricom, motsogozedwa ndi bambo Michael Joseph, inaika mphamvu zambiri pa kupeza ndi kuphunzitsa maajenti. Ambiri anali ogulitsa kiredito, amene anthu ankawadziwa kale.

Chachiwiri, chitetezo. Ndalama za anthu sizinasakanizidwe ndi ndalama za kampani. Zinasungidwa padera ku banki ya Commercial Bank of Africa. Banki Yaikulu ya Kenya inaona dongosolo limeneli isanalole kuti nchito iyambe. Munthu aliyense anali ndi nambala yake yachinsinsi.

Chachitatu, foni. M-Pesa inapangidwa kuti igwire nchito pa foni wamba yotsika mtengo, popanda intaneti. Imeneyo ndiyo foni imene anthu anali nayo.

ZOTSALA ZINABWERA PA NTHAWI YAKE

Kudikira si kutaya. Anthu atazolowera, zina zinayamba kuonjezedwa chimodzi chimodzi. Kunabwera kulipira magetsi ndi madzi. Mu 2012 kunabwera M-Shwari, yosungira ndalama ndi kubwereka ngongole zazing'ono. Mu 2013 kunabwera Lipa na M-Pesa, yolipirira katundu m'sitolo.

Taonani, ngongole ija inabweranso. Inadikira zaka zisanu. Pamene inabwera, inapeza maajenti alipo, anthu alipo, chikhulupiriro chilipo.

Tidziwenso kuti pulani yabwino pamalo pamodzi si yabwino paliponse. Ku South Africa M-Pesa inayamba mu 2010, koma inatsekedwa mu 2016. Kumeneko anthu ambiri anali kale ndi akaunti ku banki. Vuto limene M-Pesa inathetsa ku Kenya silinali lalikulu chotero kwa iwo.

TIPHUNZIRAPO CHIYANI?

Pamene tikusankha choyamba kupanga, tidzifunse mafunso anayi.

1. Kodi vutoli likupweteka anthu angati, ndipo kangati?
2. Kodi tingathe kulithetsa ndi manja ndi ndalama zimene tili nazo lero?
3. Kodi pali china chimene chiyenera kuyamba kuti ichi chitheke?
4. Kodi taona ndi maso athu zimene anthu akuchita, kapena tikungoganiza?

Funso lachinayi ndilo lalikulu. Opanga M-Pesa anali anthu ophunzira, koma ganizo lawo loyamba silinali lopambana. Lopambana analiphunzira kwa anthu 500 aja. Nzeru yawo inali kuyesa pang'ono, kuyang'anitsitsa, ndi kuvomera kusintha pulani.

Pulani ilembedwe, kuti aliyense adziwe chotsatira. Koma ilembedwe ndi pensulo.

TIYENI TIKAMBIRANE

1. Kodi M-Pesa inapangidwira nchito yanji poyamba?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene anthu anachita nayo pa nthawi yoyesa.
3. Chifukwa chiyani ngongole inaikidwa pambali? Inabweranso chaka chiti?
4. Chikanachitika n'chiyani M-Pesa ikanayamba popanda maajenti okwanira?
5. Lembani m'kope nchito zitatu zimene gulu lanu kapena mudzi wanu ukufuna. Yesani iliyonse ndi mafunso anayi aja. Muyamba ndi iti? Fotokozerani anzanu chifukwa chake.