Kuda kwa M'munsi mwa Maso: Musafulumire Kubisa

Inu mayi amene mwabwera ndi mwana kusikelo lero, kaya mwachokera ku Old Town, kaya mwatsanzika kuntchito ku City Centre, kaya mumakhala ku Area 10 kapena ku Area 43, mwina mwadziyang'ana pagalasi m'mawa uno ndi kuona kuti m'munsi mwa maso anu mwada. Amayi ambiri akaona zotere amathamangira kukagula mafuta oti abise. Ife tikukupemphani kuti muyambe mwafufuza chimene chachititsa, pakuti nthawi zina kudako ndi chenjezo lochokera m'thupi.

CHIMENE CHIMACHITITSA

Khungu la m'munsi mwa diso ndi lopyapyala kwambiri, choncho mitsempha ya magazi imaonekera msanga pamenepo. Kwa anthu ena kudako ndi kwa kumtundu, ndipo si matenda ayi. Kwa ena kumadza kaamba ka kuchezera usiku ndi khanda, kukhalitsa padzuwa, kutikita maso kawirikawiri, kapena kutsekeka kwa mphuno chifukwa cha fumbi ndi utsi wa makala.

Koma pali chifukwa china chofunika kuchisamala, ndicho kuchepa kwa magazi. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza vutoli mwa amayi 33 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, ndiponso mwa ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka 5. Magazi amachepa chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba, kubereka pafupipafupi, kutaya magazi ambiri pamwezi ndi zakudya zosakwanira.

DZIYESENI NOKHA

Imani powala, kokerani pansi chikope cha m'munsi ndi chala choyera, ndipo muyang'ane mkati mwake. Muyenera kukhala mofiira. Ngati mwayera, zikhato zayeranso, mukumva chizungulire, mtima ukugunda msanga kapena mukupuma mwawefuwefu pa ntchito yochepa, kayezetseni magazi. Mukhoza kupita ku chipatala cha Bwaila, cha ku Area 18 kapena china chilichonse chapafupi. Muyeseninso mwana wanu mwanjira yomweyi.

MASO A MWANA

Mwana akamatsegula m'mimba, maso ake n'kulowa mkati, m'mbali mwake n'kuda, liwombo n'kulowanso, dziwani kuti madzi atha m'thupi mwake. Imeneyi ndi ngozi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi abwino, m'mwetseni pang'onopang'ono, pitirizani kumuyamwitsa, ndipo fulumirani naye kuchipatala. Musadikire tsiku la sikelo.

ZOYENERA KUCHITA

1. Idyani zakudya zoonjezera magazi monga bonongwe, chisoso, khwanya, nyemba, usipa, matemba, mazira ndi chiwindi.
2. Onjezerani zipatso monga magwafa, malalanje, bwemba ndi malambe. Zimenezi zimathandiza thupi kupeza phindu la ndiwo zamasamba. Tiyi musamwere pamodzi ndi chakudya, chifukwa amatsekereza phindulo.
3. Mapiritsi a magazi amene mwalandira kusikelo imwani mpaka atha.
4. Gonani m'masikito usiku uliwonse pamodzi ndi mwana.
5. Khanda likagona masana, inunso pumulani. Bambo ake a mwana akuthandizeni ntchito zina zapakhomo.
6. M'mawa ikani kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira pamaso kwa mphindi 10. Poyenda padzuwa tengani ambulera kapena chipewa.

CHENJERANI NDI MAFUTA OYERETSA KHUNGU

Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala oopsa. Ena ali ndi mercury, amene amaononga impso ndi ubongo, ndipo amafika kwa mwana kudzera m'mimba ngakhalenso m'mkaka wa m'mawere. Ena ali ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu, mitsempha n'kumaonekera koposa kale. Enanso ali ndi hydroquinone. M'chaka cha 1975 madokotala a ku South Africa anaonetsa kuti mankhwalawa, akapakidwa kwa nthawi yaitali, amadetsa nkhope ndi zipsera zovuta kuchotsa, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa kuwaika m'zodzoladzola. Mayi amene amafuna kuyeretsa m'munsi mwa maso amapezeka kuti wadetsamo kwa moyo wake wonse.

NGATI MUFUNA KUBISA

Ngati mwayezetsa ndipo magazi anu ndi okwanira, palibe cholakwa kudzikongoletsa popita kuntchito, kutchalitchi kapena kuukwati. Sankhani paudala wofanana ndi khungu lanu, pakani pang'ono ndi chala choyera mosatikita, musabwerekane ndi mnzanu, ndipo sukusulani musanagone. Mwana musamupake chilichonse chakuda m'maso, popeza zopaka zina zili ndi mtovu, umene umabweza nzeru za mwana m'mbuyo.

Kumbukirani: paudala amabisa khungu, koma saonjezera magazi. Musanachoke pano lero, pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti ayang'ane zikope zanu ndi za mwana wanu.