NDARAMA ZA CITHANDIZO NDI MUNDA WA MUNTHU WOSAUKA

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa November, mlimi ali yense adziwa kuti nthawi yobzala yafika, ndi kuti wocedwa kubzala adzakolola zocepa. Koma m'midzi yambiri alipo mabanja amene pa nthawi yomweyo nkhokwe zao zatha kale. Ambiri a iwo ndiwo mabanja a akazi amasiye, a nkhalamba zolera adzukulu, ndi a anthu odwala kapena olemala. Munthu sakhoza kulima ali ndi njala. Cotero amanyamula khasu nanka kukagwira ganyu m'munda wa mnansi, kuti apate kambale ka ufa kapena licero la cimanga. Pobwerera ku munda wace apeza udzu wapitirira mbeu, nyengo yapita, ndipo caka cotsatira njala imfikanso msanga koposa kale. Ili ndilo goli limene limamanga banja mu umphawi zaka ndi zaka.

Pofuna kupeputsa goli limeneli, Boma limapatsa mabanja osaukitsitsa ndarama pamanja, zimene si ngongole ndipo sizibwezedwa. Anthu ambiri amafunsa ngati ndarama zotere zithandizadi ulimi, kapena zingotha ndi kudya. Funso limeneli linayesedwa muno m'Zambia, ndipo yankho lace lidziwika.

CIYAMBI CA NCHITOYI

Nchitoyi inayamba m'caka ca 2003 m'dera la Kalomo, ku Cigawo ca Kumwera, ndi cithandizo cocokera ku Germany. Masiku amenewo matenda a Edzi anali atasiya ana amasiye ambiri m'manja mwa agogo opanda mphamvu. Makomiti a m'midzi anasankha mabanja oposa 1,000, ndiko kuti banja limodzi pa mabanja khumi ali onse, ndipo liri lonse linalandira K30,000 ya ndarama zakale pa mwezi, mtengo wa thumba limodzi la cimanga pa nthawi ija. Pambuyo pace nchitoyi inafika ku Kazungula, Monze ndi Chipata, ndipo mu 2007 inafika ku Katete, kumene anapatsa nkhalamba za zaka 60 kapena kuposerapo.

M'MENE ANAYESERA

Mu 2010 Boma linayamba kupatsa ndarama amai okhala ndi mwana wosafika zaka zisanu m'madera atatu akutali ndi osauka kwambiri: Kalabo ndi Shang'ombo ku Cigawo ca Kumadzulo, ndi Kaputa ku Cigawo ca Kumpoto. Banja liri lonse linalandira pafupi-fupi K60,000 yakale pa mwezi, imene iri K60 monga mwa kawerengedwe katsopano kamene kanayamba mu 2013. Ndaramazo zinali zongokwanira kugula cakudya ca kamodzi pa tsiku ca banja lonse. Anazipereka pa miyezi iwiri iri yonse, ndipo sanaike lamulo la zimene wolandira ayenera kugula. Mu 2011 anayambanso ku Serenje ndi Luwingu, kwa mabanja a akazi amasiye, a nkhalamba zolera ana amasiye ndi a olemala.

Kuyesa kwace kunali monga m'mene mlangizi wa zaulimi amayesera feteleza: agawa munda pakati, athira mbali imodzi, ina aisiya, kenaka alinganiza zokolola. Comweco midzi inasankhidwa mwa maere, ina kuti iyambe kulandira, ina idikire. Akatswiri a bungwe la American Institutes for Research, pamodzi ndi a UNICEF ndi FAO, anayendera mabanja oposa 2,500 a ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa kwa zaka zingapo, nalemba zimene anadya, anabzala, anaweta ndi kugulitsa.

ZIMENE ZINAONEKA M'MINDA

Coyamba kusintha cinali cakudya. Mabanja ambiri amene kale anadya kamodzi pa tsiku anayamba kudya kawiri, ndipo ana anapata nsapato, bulangeti ndi zobvala zosinthira. Izi sizinadabwitse munthu.

Codabwitsa cinaoneka m'minda. Patapita zaka ziwiri, minda ya olandira inali itakula pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mtengo wa zokolola zao unakwera ndi theka. Anagula mbeu, feteleza, makasu ndi nkhwangwa, nakolola cimanga ndi mpunga wambiri kuposa anzao amene anali asanayambe kulandira. Nkhuku ndi mbuzi zinaculuka m'makomo, ndipo amai ambiri anayamba timalonda ta nsomba, makala ndi zina zotere.

Cifukwa cace ncosabvuta kumvetsa. Mai amene ali ndi ufa m'nyumba sakakamizika kusiya munda wace pa nthawi yopalira. Ofufuza anapeza kuti olandira anacepetsa ganyu naonjeza nchito m'minda yao ndi m'malonda ao. Ena anayamba ngakhale kulemba anzao ganyu. Ndiponso munthu wodziwa kuti pakapita miyezi iwiri adzalandiranso amalimba mtima kugula mbeu yabwino kapena kamwana ka mbuzi, pakuti sakhala ndi mantha kuti mawa ana adzagona ndi njala. Sagulitsa nkhuku zace pa mtengo wolira, ndipo satenga ngongole ya katapira.

Atawerenga zonse za zaka zitatu, za ku madera atatu aja pamodzi ndi za ku Serenje ndi Luwingu, ofufuza anapeza kuti pa K100 iri yonse imene banja linalandira, zogula ndi zosunga zace zinakwera ndi K167. K67 yapamwambayo sinacokere ku Boma ai. Inacokera m'thukuta la banjalo, m'munda, m'khola ndi m'malonda. Ngakhale osalandira anapindula nao, popeza ndaramazo zinagulira m'masitolo a m'mudzi momwemo ndi kwa alimi oyandikana.

KODI SIZIBALA ULESI?

Pa bwalo la mfumu ndi pa mowa pamamveka mau akuti ndarama zaulere zimatha m'zikho, ndi kuti akazi adzabala ana ambiri kuti alandirebe. Zinthu ziwirizi zinafufuzidwa. Ndarama zogulira mowa ndi fodya sizinakwere pakati pa olandira, ndipo amai olandira sanabale ana ambiri kuposa osalandira. Alipo ndithu munthu mmodzi-mmodzi woononga, monga alipo pakati pa ogulitsa thonje ndi olandira malipiro a pa mwezi. Koma unyinji wa osauka udziwa bwino kusamala kandarama kakang'ono, cifukwa udziwa kuwawa kwa kusowa.

ZIMENE NDARAMA SIZIKHOZA KUCITA

Nkofunika kunena poyera kuti cithandizoci ciri ndi malire. Ngakhale cakudya cinaculuka, kupinimbira kwa ana ang'ono sikunacepe kweni-kweni m'madera atatu aja, pakuti thanzi la mwana lifunanso madzi abwino, ukhondo ndi cipatala capafupi. Ndarama sizikonza mseu, sizibweretsa msika, ndipo sizigwetsa mvula.

Ndiponso mphamvu yace iri m'kufika pa nthawi yace. Ndarama zofika m'mwezi wa February, pamene zinafunika mu November, zidzagula ufa koma sizidzagula mbeu. Mu 2018 kunamveka kuti ndarama zina za cithandizoci sizinafike kwa eni ace. Maiko ena othandiza, monga Britain, anayamba aimitsa cithandizo cao, ndipo amene anabvutika anali osauka omwewo amene analibe mlandu. Mitengo ya zinthu ikakwera, nazonso ndaramazo zimacepa mphamvu ngati sizionjezedwa. Mu 2022 banja linali kulandira K200 pa mwezi, ndi K400 ngati m'banjamo munali wolemala kwambiri. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti cinaononga cimanga m'madera 84 mwa madera 116. Ndipo Boma linaonjeza K200 pa mwezi kwa olandira kale, nilembanso mabanja ena kuti athandizidwe pa nthawi ya njalayo.

MALANGIZO KWA OLANDIRA

Banja lolandira licita bwino kukhala pansi, mwamuna ndi mkazi pamodzi, ndi kugawa ndarama zisanafike. Cakudya cikhale patsogolo, pakuti ndico cimasula manja kuti agwire khasu m'munda wao. Koma pa malipiro a September ndi October nkwanzeru kupatulako zina za mbeu, kuti mvula ikagwa ipeze zonse ziri m'nyumba. Mbeu zoca msanga, nshawa, khobwe, mapira ndi cinangwa zimapulumutsa banja pa caka ca mvula yocepa, ndipo mlangizi wa zaulimi adzanena zoyenera nthaka ya kumaloko.

Wogula nkhuku asaiwale katemera wa citopa, cifukwa matendawa akhoza kusesa khola lonse m'masiku owerengeka. Amai ambiri apeza phindu polowa cilimba kapena kabungwe kosunga ndarama, kuti tindarama tating'ono tiunjikane kufikira tigule mbuzi. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Mafumu, nduna ndi a makomiti ali nao udindo waukuru. Kulembedwa m'buku la olandira nkwaulere, ndipo palibe munthu wololedwa kudulako gawo pa ndarama za nkhalamba kapena za mkazi wamasiye. Wocitiridwa zotere akanene ku ofesi yosamalira anthu obvutika ya m'dera lace. Mudzi umene usankha moona ndi kucinjiriza osauka ace udzaona minda yao itapaliridwa pa nthawi yace, ndipo opempha ufa pa makomo a anzao m'mwezi wa January adzacepa.