Malire a Diso la Maikulosikopu

Munthu wa m'chigwa cha Henga akavutika ndi kutentha thupi kosalekeza, magazi ake akhoza kukapimidwa kuchipatala cha boma ku Rumphi. Kumeneko wopima amapaka kadontho ka magaziwo pagalasi, nasuzumira m'maikulosikopu. Tizirombo ta malungo amationa. Ta kaodzera, timene timafalitsidwa ndi kashembe wa kudambo la Vwaza, amationanso. Koma kachirombo ka HIV sangakaone, makinawo angakhale atsopano chotani. Kodi chimaletsa nchiyani?

Chifukwa chake chagona pa chibadwa cha kuwala, pakuti kuwala kumayenda monga mafunde. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru akudziwa kuti timafunde tikadutsa pampata wopapatiza pakati pa miyala iwiri, sitipitirira molunjika, koma timamwazikana. Kuwala nako kumatero polowa m'galasi la makinawo. Motero kadontho sikaoneka ngati kadontho, koma ngati kabanga kozimiririka m'mphepete. Timadontho tiwiri tikayandikana kwambiri, timabanga tawoto timalowana ndi kuoneka ngati kamodzi.

M'chaka cha 1873, Ernst Abbe wa ku Jena m'dziko la Germany anawerengera malirewa. Anapeza kuti zinthu ziwiri sizingasiyanitsidwe ngati mpata wa pakati pake ukuchepera pafupifupi theka la utali wa funde limodzi. Milimita imodzi ikagawidwa magawo 1,000, gawo lililonse limatchedwa maikulomita. Mafunde a kuwala kooneka ndi maso ndi otalika maikulomita 0.4 mpaka 0.7, choncho malirewo ali pa 0.2. Kachirombo ka kaodzera ndi kotalika maikulomita 20 kapena kuposapo, pamene ka HIV ndi ka 0.1 chabe. Nchifukwa chake popima HIV amagwiritsa ntchito mankhwala ozindikira zimene zili m'magazi, osati maikulosikopu.

Kuti aone tinthu tochepetsetsa, Ernst Ruska ndi Max Knoll anapanga maikulosikopu ya maelekitironi m'chaka cha 1931, pakuti mafunde a maelekitironi ndi aafupi koposa.

Aphunzitsi ofuna kugulira sukulu maikulosikopu asatengeke mtima ndi lonjezo la kukulitsa ka 2,000. Kupyola ka 1,000, chimene chimakula ndi kabanga kaja. Chatsopano sichioneka ai. Ayambe afunsa za ubwino wa magalasi ake.